Tsamba Losowa m'Buku la a Mathero

Sajeni Lameck Kalinde anafika ku Mauwa dzuwa litapendeka, yunifolomu itanyowa ndi chiperoni. Uthenga unawapeza pa Boma masana a Loweruka lomwelo, mu Julayi 1954, wakuti mkulu wina waphedwa m'nyumba mwake ndipo wakupha wagwidwa kale. Mawu omalizawo ndi amene anawapalasitsa njinga osapumira m'zitunda. Pa zaka zawo zaupolisi anali ataona kuti munthu wogwidwa msanga ndi anthu a m'mudzi safika kukhoti ndi mano onse.

Pabwalo anapeza khamu litazungulira mtengo wa mango. Patsinde pake panali mwamuna womangidwa ndi luzi, mlomo utatupa, magazi atauma m'manja. Sajeni anauza wapolisi amene anabwera naye kuti aime pomwepo, ndipo asalole munthu aliyense kuyandikira.

M'nyumba munali zii. Mtembo wa a Gregorio Mathero unali chagada pafupi ndi tebulo, bala lili kunkhongo. Simbi yamakala inali pansi, magazi ali pachidendene pake. Njinga ya malemu inali kukhoma, galamafoni pamalo ake, jekete pamsomali. Patebulo panali magalasi a maso ndi makapu awiri oyera. Imodzi inali yomwera, inayo yodzaza tiyi wozizira.

Khoma lonse la kum'mawa linali mashelefu a mabuku akuluakulu, lililonse lolembedwa chaka pamsana pake, kuyambira 1929. Sajeni anatsitsa limodzi. Munali zithunzi zodulidwa m'nyuzipepala, zomatidwa ndi phala la chinangwa: ngolo za ng'ombe pamsewu wa ku Limbe, dzombe litaphimba munda, mzere wa amayi ndi madengu opanda kanthu pa njala ya 1949. Pansi pa chithunzi chilichonse malemu analemba ndi dzanja lawo tsiku, malo, ndi zimene zinadzawagwera anthu a pachithunzicho. "Nyumba iyi anaigumula 1938." "Wachiwiri kumanzereyu ndi Ignasio, anafera ku Joni."

Mabuku onse anali olowa bwino, kupatula limodzi lomwe linaikidwa chadodolido. Linali la 1946. Atalitsegula, anapeza kuti pakati pa Febuluwale ndi Epulo panatsala kamzere ka pepala kokha. Tsamba lonse la Malichi linali litang'ambidwa, ndipo pong'ambikapo panali poyera, pa lero lomwe.

*

Womangidwayo anali Francisko, mwana wa mlongo wa malemu. Ankayankhula ngati ali ndi mbatata yamoto m'kamwa.

"Kukangana tinakangana, bwana, sindikana. Dzulo. Za munda wa nandolo. Ndinali nditalawako pang'ono."

"Unawauza chiyani?"

"Ndinati mudzafa ngati galu." Anagwetsa nkhope. "Pakamwa pokha, bwana. Atsibweni anga ndi amene anandilera."

"Lero m'mawa unali kuti?"

"Kudimba, ndekha. Dzuwa lili pamutu ndinabwera kudzapepesa. Chitseko chinali chotsegula. Ndinawadzutsa mutu, ndimayesa akupuma. Magaziwa ndi omwewo. Kufuula ndafuula ndine, koma anthu atafika agwira ine."

"Umadziwa kuwerenga?"

"Ngakhale dzina langa."

"Ankakupatsa tiyi m'makapu oyera aja?"

Francisko anawayang'ana ngati afunsa zamisala. "Amene aja ndi a alendo. Ine ndimamwera m'chitini, pakhonde."

Sajeni analamula kuti amumasule pamtengopo, amuveke unyolo, akagone m'nyumba ya mphunzitsi pomwe wapolisi adzamulondere. Anthu anang'ung'udza. Sajeni sanawauze kuti unyolowo unali womuteteza kwa iwo.

*

Mwana wa malemu, Bernadetta, anali kuseri kwa nyumba pakati pa amayi, adakali mu diresi yoyera ya kuchipatala cha mishoni komwe ankathandiza anamwino. Sanali kulira. Ankayankha pang'onopang'ono, ngati akupereka lipoti la wodwala.

"Ndachoka tambala wachitatu atalira. Ndawasiya akukoleza moto. Sananene kuti kubwera mlendo."

"Mabuku aja ndi a chiyani?"

"Anagwira ntchito zaka makumi awiri kosindikiza nyuzipepala ku Kabula. Ankati Azungu amajambula misewu ndi nyumba, koma mayina a anthu athu oimirira m'mbali sawalemba. Ndiye ankalemba iwo. Simbi ija ankapanikizira masamba akamata."

"Mu Malichi 1946 munali chithunzi chanji?"

"Sindikudziwa. Zilipo mazanamazana."

"Masiku ano anali bwanji?"

"Lachinayi anatulutsa mabuku kuti awaumitse, chifukwa njenjete zinalowa. Kuyambira pamenepo anasiya kudya. Madzulo ake anandifunsa funso lachabechabe."

"Lotani?"

"Anati, kodi a Dickson zala zija anati zinaduka liti. Ndinati ku mgodi, ku Joni, 1950. Iwo anangoti chabwino."

"A Dickson ndani?"

"A Dickson Namakhwa, akalipentala a pamsika. Mawa kutchalitchi amayenera kulengeza ukwati wathu kachitatu."

*

A Dickson sanavute kuwapeza. Ndiwo anali kuyendetsa zonse pamaliropo: kutuma anthu ku nkhuni, kuitanitsa matabwa, kulandira akuluakulu a mpingo. Anali munthu wamtali, wa zaka za m'ma makumi atatu, woyenda mowongoka. Kudzanja lamanzere analibe zala ziwiri zakumapeto.

"Mwachita bwino kubwera msanga, a Sajeni," anatero, mawu ali phee. "Ine ndiye ndinaletsa anthu kuti asamuphe Francisko. Lamulo ligwire ntchito yake."

"Inu munali kuti m'mawa?"

"Ku Limbe. Ndanyamuka kusanache pa njinga, kukagula nsapato za ukwati. Ndabwera cha m'ma thuli koloko, ndapeza anthu akulira."

"Anakuonani ndani?"

"Mmwenye wa sitolo, ngati angakumbuke. Loweruka kumadzaza anthu." Anapita pa njinga yake, namasula phukusi pakaliyala. Munali nsapato zakuda zatsopano, zidendene zosakhudza dothi. "Izi."

"Limbe mumaidziwa bwino?"

"Pogula misomali pokha. Ine kwathu ndi kuseri kwa phiri la Mulanje, kumalire. Ndinapita ku Joni ndili mnyamata, ndabwera 1952."

"Ku nkhondo simunapite?"

"Ayi. Nthawi imeneyo ndinali pansi pa nthaka."

"Malemu munawaona liti komaliza?"

"Lachitatu. Tinaseka zambiri." Anapukusa mutu. "Anali bambo anga, a Sajeni. Bokosi ndikhoma ndekha."

Sajeni anathokoza nabweza nsapatozo. Akuchoka, mayi wina wokalamba anawakoka mkono wa malaya.

"Mukafunse telala wa pamsika," ananong'ona. "Dzulo malemu anakhala kumeneko tsiku lonse, anatuluka nkhope itagwa."

*

Lamulungu m'mawa, belu la mishoni likulira patali, Sajeni anapeza telala uja, a Abbas, atatsegula kale sitolo. Anali Myao wachikulire wa kandevu koyera, tepi ili m'khosi, phazi lili pa makina.

"Che Mathero ndi ine, zaka khumi ndi ziwiri," anatero osasiya kusoka. "Iwo Akatolika, ine Msilamu, koma tiyi mmodzi. Francisko uja ndi chidakwa, inde. Koma kupha, iyayi. Nkhuku yomwe amachita kupempha wina amuzingire."

"Lachisanu lija anadzatani kuno?"

A Abbas anaimitsa makina. "Kufuna mapepala awo. Onani, kuntchito kwawo kuja ankatenga nyuzi ziwiriziwiri. Imodzi adule chithunzi, inayo asunge. Zosungazo zitachuluka anandipatsa ine, ndizidulira mapatani a malaya. Ndiye Lachisanu akubwera, akuti, Che Abbas, ndifuna ya chaka cha fote sikisi. Yanga njenjete zadya pankhope penipeni, ndatsala ndi thupi lokha."

"Nkhope ya yani?"

"Ndinafunsa. Akuti sinditchula munthu ndisanamufunse mwini wake m'maso. Tinafufuza mtolo wonse uwo, osapeza. Anapita."

"Munafufuza mtolo wokha?"

"Nanga kuti kwina?"

Sajeni analoza kukhoma. Pamisomali panapachikidwa mapatani ambirimbiri a pepala lofiirira ndi ukalamba: mikono, makolala, misana ya majekete. A Abbas anayang'ana khomalo nthawi yaitali, kenaka anadzimenya pachipumi.

Anayamba kutsitsa limodzilimodzi. Ambiri analibe tsiku, lumo litadya pamwamba. Sajeni ankayang'ana mbali zonse ziwiri asanaike pansi. Panali mpira wa Azungu, mtengo wa fodya ku okushoni, basi yatsopano itaima pa Limbe. Msomali woyamba unatha, wachiwiri unatha.

"Jekete la ukwati mukusoka ndinu?" Sajeni anafunsa, maso ali pamapepala.

"Ndi buluku lomwe. Latha, likungodikira mwini wake. Che Dickson ndi munthu wa dongosolo. Lachitatu anabwera ndi nsapato zake zatsopano m'manja, akuti ndiyeze buluku atavala, lisakwere lisakhwekhwere."

Dzanja la Sajeni linaima.

"Lachitatu liti?"

"Lapitali."

"Nsapato zotani?"

"Zakuda, za zingwe. Anaponda pa nyuzi kuti zisade kunsi."

Sajeni anatsitsa patani ina, ya mkono wa jekete, yaitali ngati tsamba la nthochi. M'mphepete mwake munatsala zilembo zochepa za tsiku, zokwanira kuwerenga mwezi wachitatu wa 1946. Anaitembenuza.

Chinali chithunzi cha pa siteshoni ya sitima ku Limbe, asilikali akutsika pobwera kunkhondo. Kutsogolo kunaima msilikali wamtali, mizere iwiri pamkono. Lumo la a Abbas linali litadula mutu wake kuyambira pamphuno kupita m'mwamba. Koma mkazi amene anaima naye anaoneka yense, akuseka, duku lili pamutu. Dzanja lamanzere la msilikaliyo linali paphewa la mkaziyo, ndipo linali ndi zala zitatu.

Pansi pake panali mzere wa Chizungu. Sajeni anauwerenga kawiri. Unkati Kopolo Jeremiah Likaka, amene anavulala ku Burma, akulandiridwa ndi mkazi wake Gertrude.

"Mwaona chiyani, bwana? Mwatuwa."

Sajeni anakhala pa benchi. Mu 1947 anali wapolisi wamba ku Limbe. Tsiku lina anawatuma ku chitsime china kuseri kwa njanji, ndipo iwo, pokhala wochepa thupi, ndi amene anamangidwa chingwe m'chiuno natsitsidwa. Mkazi amene anamutulutsa mmenemo anali ndi bala kunkhongo. Dzina lake linali Gertrude Likaka. Mwamuna wake anali atasowa kale, ndipo palibe wapolisi amene anamuonapo nkhope.

"Maliro anyamuka nthawi yanji?" anafunsa.

"Misa ikatha. Bokosi likangotha kukhomedwa."

"Tsekani sitolo. Mubwere nane."

*

Bokosi ankalikhomera pansi pa mtengo wa mango uja. A Dickson anali atavula malaya a pamwamba, akusalaza chivindikiro ndi kasemasema. Amuna angapo anakhala pamatabwa chapafupi. Kuchokera m'nyumba kunkamveka nyimbo ya amayi. Sajeni anakodola wapolisi wawo kuti aime kumbuyo kwa mtengo.

"Latsala pang'ono, a Sajeni," anatero a Dickson.

"Pumulani kaye. Ndili ndi mafunso awiri atatu."

"Funsani, manja azigwira."

"Nsapato zija munagula dzulo?"

"Ndinanena kale."

"A Abbas awa akuti munazivala m'sitolo mwawo Lachitatu."

Kasemasema anaphonya kamodzi, kenaka anapitiriza. "Madalawa akalamba. Zija zinali zobwereka, zoyezera."

"Munabwereka kwa yani?"

"Kwa mnzanga wa ku Njuli."

"Dzina lake?"

Amuna a pamatabwa anasiya kucheza.

"Chabwino, tidzamufuna. Zala zanu zinaduka liti?"

"Aliyense pano akudziwa. Ku mgodi, 1950."

"A Mathero anakuitanani dzulo m'mawa. Anakuthirirani tiyi m'kapu ya alendo, inu simunamwe. Anakuonetsani chithunzi."

"Ndinali ku Limbe."

Sajeni anatulutsa patani ija m'malaya naitambasula pa chivindikiro cha bokosi, chala chili pa dzanja la msilikaliyo. A Dickson anaweramira. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka pang'ono ndi mphuno.

"Mukufuna kundimanga ndi mkono wa jekete? Opanda zala m'Nyasalande muno ndi angati? Chimenechinso chilibe nkhope."

"Chimenechinso," anatero Sajeni. "China chopanda nkhope munachiona kuti?"

Nyimbo ya m'nyumba inamveka bwino mawu ake onse.

"Chodyedwa ndi njenjete chija anachiona ndi anthu awiri okha," Sajeni anapitiriza. "Mmodzi wagona m'nyumbamu. Ndipo nkhope si vuto. Amayi ake a Gertrude ali moyo ku Limbe. Mawa tipita limodzi akakuoneni, a Likaka."

Kasemasema anabwera mofulumira kuposa mmene Sajeni ankayembekezera. Anadzigwetsera chammbali, chitsulocho chinang'amba mkono wa yunifolomu ndi mnofu womwe, n'kukazikika m'thabwa. Mwamunayo akulimbana kuchizula, wapolisi uja anamumenya ndi ndodo kuseri kwa maondo. Anagwa chogwada. Amuna a pamatabwa anamugwera pamsana, ndipo zinatengera Sajeni mawu okalipa kuti amusiye ndi mpweya.

Atamuveka unyolo, sanalimbanenso. Anakhala pansi, utuchi uli kumaso.

"Ndinawapempha," anatero, osayang'ana munthu. "Ndinagwada. Ndinati ndichoka lero lomwe, simudzandionanso. Iwo akuti ayi, mwana wa eni uja anafera m'chitsime, ndikanena kwa Abambo ansembe ndi pa Boma. Anatembenuka kuti avale jekete."

"Tsamba lili kuti?"

"Ndinatentha."

Amayi anali atatuluka m'nyumba. Bernadetta anadutsa pakati pawo nafika pa bokosi. Sanamuyang'ane womangidwayo. Anayamba waona mkono wa Sajeni, navula duku lake, nalimanga pabalapo mwamphamvu mpaka magazi analeka. Atatero anatola pepala lija.

"Uyu ndani?"

"Mkazi wake. Gertrude."

"Anali ndi ana?"

"Anali woyembekezera."

Bernadetta anayang'ana nkhope yosekayo kanthawi, kenaka anabweza pepalalo kwa Sajeni ndi manja awiri.

"Deta," anatero mwamunayo. "Kwa iwe sindinaname zonse. Ine kuno ndinasintha."

Bernadetta anatembenukira kwa wapolisi. "Kamasuleni msuweni wanga. Adzaone nkhope ya atsibweni ake tisanatseke."

Mkulu wina wa mpingo anasendera, chipewa chili m'manja. "Mayi, nthawi yatha. Adzukulu akumanda akudikira. Bokosili langotsala chivindikiro, wina angomalizitsa."

"Bambo anga sagona m'menemo."

"Matabwa ena tiwapeza kuti lero Lamulungu?"

Bernadetta anayang'ana nyumba ya bambo ake. Francisko anali akubwera potero, akutsimphina, akusisita m'mikono momwe munali unyolo.

"Achimwene," anamuitana. "Tengani nyundo iyo. Zulani chitseko cha kutsogolo ndi cha kuchipinda. Tebulo lija lisiyeni."

Francisko anatola nyundo pambali pa mapazi a womangidwayo, osamuyang'ana, nalunjika kukhonde. Sajeni anadikira mpaka msomali woyamba utalira potuluka m'mphuthu, kenaka anadzutsa mkaidi wawo. Ku Boma kunali kutali, ndipo anayenera kuyenda wapansi.